Kulanda linga mu Warband osaphetsa asilikali anu onse

Amene mumasewera gemu ya pa kompyuta ya Mount & Blade: Warband mukudziwa pamene pamavutira. Kuchigwa zinthu zimayenda bho, muli ndi ma Swadian Knight anu 40 mukungogwetsa aliyense amene mwakumana naye panjira. Kenako mwati lero nditengeko linga langalanga. Mwamanga makwerero, mwawauza anyamata kuti charge, pasanathe mphindi zisanu asilikali amene munawalera kuyambira ali ma recruit agona mulu pansi pa khoma, inuyo mwakomoka ndi muvi wa pamutu, ndipo linga lija likadali m'manja mwa eni ake. Anzanga angapo ku Chikanda ndi ku Matawale anaisiyira pomwepa gemuyi, akuti malinga ndi osatheka. Ndi otheka ndithu, kungoti nkhondo ya pakhoma imatha munthu asanaponde makwerero, nde ngati mukuyamba ndi kukwera mwayambira kumapeto.

Zonse ndikunena apa ndi za Native, ija imabwera ndi gemu kuchokera ku TaleWorlds chitulukireni mu 2010. Ma mod ena (mitundu ya gemuyi yosinthidwa ndi osewera) amasintha malamulo a siege, kutanthauza kuzinga ndi kuukira linga.

Zoti mukhale nazo musananyamuke

Asilikali oponya mivi ambiri, osachepera theka la gulu lanu ngati nkotheka. Rhodok Sharpshooter ndiye mwini ntchito imeneyi chifukwa crossbow yake imabowola zovala zachitsulo komanso ali ndi chishango chachikulu. Vaegir Marksman ndi Sarranid Master Archer nawonso ali bwino, amaponya mwachangu, koma mivi yawo imatha msanga.

Asilikali apansi a zishango. Nord Huscarl palibe womuposa pa makwerero. Akasowa, Swadian Sergeant kapena Rhodok Sergeant agwira ntchito. Dziwani kuti pa siege kavalo salowa, aliyense amayenda wapansi, nde Swadian Knight ndi Sarranid Mamluke amathandizabe chifukwa cha zitsulo zomwe avala, koma Khergit Lancer musamuwerengere nkomwe.

Dokotala wa gulu, munthu wa Surgery. Ichi ndi chimene ambiri amachinyozera pomwe ndi chimene chimapulumutsa anthu kuposa china chilichonse. Popanda Surgery msilikali akagwa mwayi woti angovulala osafa ndi 25 pa 100, ndipo poyinti iliyonse ya Surgery imawonjezera 4. Surgery 5 ndiye kuti 45 pa 100, pafupifupi theka la ogwa aja adzadzukanso. Jeremus, mmodzi mwa ma companion (anthu a mayina amene mumawalemba kuti aziyenda nanu), amabwera ali kale dokotala.

Munthu wa Engineer, luso lofulumizitsa kumanga zokwerera khoma, amene ndi Artimenner. Vuto lake iyeyu ndi Jeremus samwerana madzi, mukakhala nawo onse awiri muzingomva madandaulo mpaka wina achoke. Njira yabwino ndi kutenga companion wina, Ymira, akadali pa levulo yotsika nkumamuthira mapoyinti ku Intelligence ndi Surgery, kukumbukira kuti skill siingapose gawo limodzi mwa magawo atatu a attribute yake, Surgery 5 imafuna Intelligence 15.

Chakudya chamitundumitundu, buledi, nsomba zouma, tchizi, nyama youma, chifukwa mtundu uliwonse umawonjezera molalo (mtima wa asilikali), ndipo mukhala panja pa linga masiku angapo. Nkhuku ndi nyama yaiwisi zimaola, musadalire zimenezo.

Inuyo mwini: chishango cholimba, chida chachifupi cha dzanja limodzi monga nkhwangwa kapena lupanga lalifupi, crossbow kapena uta, ndi thumba la mivi. Chipewa chachitsulo chabwino kuposa zonse zomwe mungakwanitse kugula. Mkondo wautali wa pakavalo uja usiyeni mu inventory.

Laputopu ikhale ndi moto, chaja chili pafupi, ndipo museve musanayambe. Siege ya tawuni imatha kutenga theka la ola, magetsi akathima pakati batire ili yakufa mubwerera pomwe munasevera komaliza. Ngati makina anu ndi akale chepetsani mitembo yotsala pansi mu ma setting, kapena sankhani DirectX 7 pa launcher, chifukwa gemu ikamadukaduka pamwamba pa makwerero simungatchinge nkhwangwa ikubwera.

1. Sankhani linga loyenera, osati lomwe lili pafupi

Yandikirani linga pa mapu muike mausi pamwamba pake, muona asilikali amene ali mkati, mitundu yawo, ma lord amene abisala momwemo komanso akaidi. Musangoyang'ana nambala yonse. Linga la anthu 150 loti ambiri ndi ma recruit ndi ma militia ndi lophweka kuposa la anthu 90 loti 30 mwa iwo ndi ma Sharpshooter.

Malinga a ufumu wa ma Khergit, kuzungulira matawuni a Tulga, Narra, Ichamur ndi Halmar, ndi omwe munthu angaphunzirirepo chifukwa asilikali awo mphamvu zawo zili pa kavalo, akatsika amakhala opepuka. A ma Vaegir ali ndi oponya mivi oopsa koma apansi awo ambiri amagwira zida za manja awiri opanda chishango, nde amagwa msanga ndi crossbow. A ma Nord pamwamba pa makwerero pamakhala ma Huscarl, mukafika pafupi mwalowa m'manja mwawo, koma patali alibe mphamvu kwenikweni. A ma Rhodok ndiye asiyeni kaye mpaka mutakhwima, makamaka Grunwalder Castle, limene lamaliza magulu a anthu ambiri.

Linga labwino kwambiri ndi lomwe langosintha manja kumene. Likangolandidwa mumakhala asilikali ochepa, ena ovulala. Komanso funsani ma lord a mbali yanu kuti adani ali kuti, ngati marshal wawo (mtsogoleri wa magulu onse ankhondo a ufumu) wasonkhanitsa gulu lonse kupita kutali, kapena mwangowagonjetsa kumene pa nkhondo yaikulu, imeneyo ndi nthawi yanu.

Chenjezo: ma lord atatu ali mkati ndiye kuti asilikali awo onse adzaima pakhoma. Dikirani atuluke. Chimodzimodzi tawuni yomwe muli phwando, monga Praven nthawi imene King Harlaus waitana anthu ake, musaiyandikire.

2. Konzani mndandanda wa gulu

Tsegulani party screen. Amene ali pamwamba pa mndandanda ndi amene amayamba kulowa pa bwalo la nkhondo, enawo amabwera pambuyo ngati owonjezera. Poti battle size, chiwerengero cha asilikali oonekera pabwalo, imalekeza pa 150 kuphatikiza mbali zonse ziwiri, si gulu lanu lonse lomwe lidzaonekere nthawi imodzi, nde zili kwa inu kusankha oyamba.

Pa chiukiro choyamba kwezani oponya mivi pamwamba ndi batani la Move Up, pansi pawo muike a zishango. Ma recruit ndi ena onse opanda chishango apite pansi penipeni. Dokotala wanu ndi Engineer nawonso pansi, ndipo ndibwino kuwapatsa gulu lawolawo, mwachitsanzo gulu 4, kuti akaonekera pabwalo muzingowauza aime kumbuyo. Chifukwa chake nchakuti companion akavulala kwambiri skill yake imasiya kuwerengedwa, Jeremus akakomoka poyamba, pa ziukiro zotsatira zikhala ngati mulibe dokotala.

Ngati muli ndi ma knight mu gulu 3 ndipo mukufuna aziyenda limodzi ndi apansi, asunthireni ku gulu 1 pa party screen pomwepo, kuti pabwalo musamadine mabatani ambiri.

3. Zingani linga, mangani, dikirani

Mukasankha Besiege gemu ikuuzani yokha ngati linga limenelo likufuna makwerero kapena nsanja yokankha kufika nayo pakhoma, inu simusankha ayi. Makwerero amatenga maola 9 ngati mulibe Engineer, nsanja imatenga maola 90, pafupifupi masiku anayi, ndipo poyinti iliyonse ya Engineer imadula maola 6 pa nsanjayo. Apa mpamene Artimenner amaonetsera phindu lake, chifukwa masiku anayi ndi okwanira kuti gulu lonse la adani likupezeni muli panja.

Pomanga muziyang'ana mapu. Mukaona ma lord a adani akubwera ambiri nyamukani, linga silithawa. Mukachoka makwerero aja atayika, mudzayambiranso, komabe bola kutaya maola 9 kusiyana ndi kukhala mkaidi gulu lonse litamwazika.

Nthawi zina a mkati amatuluka kudzakumenyani panja pa khoma. Imeneyo ndi mphatso, asiya okha chitetezo chawo. Imitsani a zishango kutsogolo, oponya mivi kumbuyo, asiyeni abwere okha, aliyense amene wagwa panja sadzaimanso pakhoma.

Zoti muwadikire mpaka chakudya chiwathere mkati, ine sindilimbikitsa. Masiku ake ndi ambiri, malipiro a asilikali anu akutuluka sabata iliyonse, chakudya chanu chikutha, ndipo adani amakhala atabwera kalekale.

Chenjezo lalikulu: pa menyu pali mawu oti mutume asilikali akaukire inu mutatsala kumbuyo. Musadine pamenepo. Kompyuta ikamawerengera yokha nkhondo ya pakhoma siidziwa zoti muli ndi nzeru zoimitsa anthu, imangochotsa asilikali anu mulu, ndipo ma Huscarl amene akanapulumuka amafa ngati wamba. Nthawi zonse sankhani kutsogolera nokha. Ngati makwerero atha usiku dikirani kuche, kuti inuyo muzitha kuona mitu ya anthu pakhoma.

4. Masekondi khumi oyamba

Apa ndi pamene siege zambiri zimaonongekera. Sikirini ikangotseguka asilikali anu amayamba okha kuthamangira ku makwerero. Dzanja lanu likhale kale pa kiyibodi. Dinani 0 kusankha aliyense, kenako F1 ndi F1 kachiwiri, aime pomwe muli. Mukachedwa pang'ono theka la gulu likhala litafika kale pansi pa khoma pomwe mivi imagwa ngati mvula.

Akaima, yang'anani malo. Dinani 2 kusankha oponya mivi, gwirani F1 osasiya, kambendera kaoneka, kaikeni pamalo pomwe akuona bwino pamwamba pa khoma, makamaka pomwe pathera makwerero chifukwa mpamene adani amaunjikana. Kenako F2 muwauze atalikirane, spread out, kamodzi kapena kawiri, kuti asatchingane komanso muvi wophonya wina usakabaye mnzake. Dinani 1, a zishango aime kutsogolo kwa oponya mivi pang'ono, kapena ngati pali mwala, chitunda kapena nyumba, abiseni kuseli kwake. Akaima amakweza zishango okha mivi ikamabwera, koma chishango chimasweka, nde musawaike poyera popanda chifukwa.

Mtunda nawo ndi nkhani. Mukatalikira kwambiri mivi yanu ingothera m'khoma, mukayandikira kwambiri a mu nsanja za m'mbali mwa khoma akulasani m'nthiti komwe chishango sichitchinga. Yambirani patali, muziwasendeza ndi F2, advance ten paces, mpaka muone mayina a adani akuyamba kutuluka motsatizana kumanzere kwa sikirini. Akayamba kutuluka imani pomwepo.

5. Sesani khoma

Ntchito yeniyeni ndi iyi ndipo imafuna mtima. Oponya mivi anu aziponya, inuyo mutenge crossbow yanu, dinani R kuti muzionera m'maso mwa munthu wanu, gwirani Shift kuti zinthu ziyandikire, nkumasankha anthu mmodzimmodzi. Yambani ndi amene ali mu nsanja za m'mbali, chifukwa asilikali anu nthawi zambiri amalimbana ndi a pakati pomwe a m'mbaliwo ndi amene adzalase anthu anu kumsana akamakwera. Lozani mutu, muvi wa pamutu umapweteka kwambiri kuposa wa pachifuwa. Mukamadzaza crossbow bisalani kuseli kwa munthu wa chishango kapena tembenukirani kumbali komwe kuli chotchinga, nthawi yodzazayo ndi imene ambiri amalasidwira.

Pali chinthu chimodzi choti mudziwe chomwe gemu siikuuzani. A pakhoma mivi yawo siitha, gemu imawadzazira mphindi ziwiri zilizonse, pomwe anu akamaliza thumba amaliza basi. Nde maganizo oti tiime ndi zishango mpaka mivi iwathere ndi olakwika, muima mpaka zishango zonse zitasweka. Choti muchite ndi kupha oponyawo, osati kuwatopetsa. Inuyo mivi ikakutherani yang'anani pansi, pali matumba a amene agwa komanso mivi yobaya pansi, dinani F mutole. Chishango chanu chikasweka chitaninso chimodzimodzi.

Muzidina Backspace kawirikawiri muone kuti agwa angati mbali zonse ziwiri. Ngati pa mdani mmodzi aliyense wogwa inu mukutaya mmodzi, malo amene mwaimawo ndi oipa kapena oponya mivi a mkatimo akukuposani, sinthani pompo. Izi zimachitika kwambiri pa malinga a ma Rhodok ndi ena a ma Swadia komwe ma crossbow ndi ambiri. Pamenepo kulimbana nawo patali ndi kudzipha, pokhapokha muli ndi ma Sharpshooter ochuluka kuposa awo. Ngati mulibe, sinthani mndandanda, ma Huscarl ndi ma knight pamwamba, muthamange nawo kukafika pansi penipeni pa khoma pomwe a pamwamba amavutika kuloza, nkukwera onse pamodzi. Koma pa ma Nord, ma Vaegir, ma Khergit ndi ma Sarranid, kusesa khoma kaye kumalipira nthawi zonse.

Adani akagwa ambiri, owonjezera awo amabwera kudzadzaza malo aja. Musakhumudwe, ndi zomwe mukufuna, akubwera okha pamalo pomwe mivi yanu ikugwera. Mukaona kuti amene akuima pakhoma tsopano ndi a zovala zansalu, ma recruit ndi ma militia, dziwani kuti zonona zatha.

6. Mivi ikatha, bwererani

Mukaona oponya mivi anu asolola malupanga angoima, mivi yatha. Ambiri apa amati basi tiyeni tikwere. Ngati khoma likadali lodzaza musakwere. Dinani 0, F1 kenako F2 kuti akutsatireni, bwererani nawo kumbuyo kutali ndi khoma, mukatero dinani Tab muvomere kubwerera. Tab siilola ngati adani ali pafupi nanu, ndipo mukathawa anthu anu ali m'kamwa mwa adani gemu imakuchotserani ena, nchifukwa chake muyambe mwawakokera kumbuyo.

Makwerero amakhala ali pompo malinga simunachoke pa linga. Mukalowanso aliyense ali ndi thumba lodzaza, zishango zabwerera, pomwe akufa a adani sabwerera. Mutha kuchita izi kawiri kapena katatu, linga la anthu 200 nkutsika kufika pa 80 inu mutataya ochepa kwambiri. Ena amati uku nkubera gemu. Kwa ine ayi, mtsogoleri aliyense wanzeru amabweza anthu ake zida zikatha, ndipo a mkatimo akupatsidwa mivi yaulere nthawi yonseyi.

Chenjezo: musadikire masiku pakati pa chiukiro ndi chiukiro pofuna kuti ovulala anu achire, chifukwa ovulala awo nawonso akuchira. Dikirani pokhapokha inuyo mwini magazi atsika kwambiri. Komanso muziona molalo pa party screen.

Musanalowe komaliza sinthani mndandanda, a zishango olimba apite pamwamba, oponya mivi atsale okwanira kuphimba.

7. Kukwera makwerero

Makwerero ali ngati chitseko cha minibasi pa depoti ya Zomba madzulo, kaya kumbuyo kuli anthu 60 wolowa ndi mmodzi kapena awiri basi, ndipo amene ali pachitsekopo sangathe ngakhale kutambasula mkono. Kumtunda kwake adani asanu kapena asanu ndi mmodzi amuzungulira munthu mmodziyo. Nde kuchuluka kwanu pamenepa kulibe ntchito, chofunika ndi kulimba kwa anthu anayi oyambirira ndi kuchepa kwa amene akuwadikira.

Dinani 1, F1 kenako F3, apansi okha apite. Oponya mivi atsale pomwe ali azipitiriza kulasa a pamwamba. Musadine 0 apa, mukatero ma Sharpshooter anu alowa pamzere wa makwerero, atseka njira ya ma Huscarl, ndipo palibenso wophimba.

Inuyo musakhale woyamba. Mu Native mukakomoka nkhondo imathera pomwepo, gulu limabwerera ndipo mumataya anthu pobwererapo, ngakhale zinthu zimayenda bwino. Khalani wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi pamzere, chishango mmwamba mpaka mufike. Mukafika kuseli kwa anthu anu menyani kuchokera pamwamba, kutsitsa nkhwangwa pamitu ya adani kudutsa pa mapewa a anzanu, chifukwa kumenya cham'mbali kumangogunda khoma kapena msana wa mnzanu. Nkhwangwa ili ndi ubwino wina, imaswa zishango msanga. Wina akakukanikizani ndi chishango dinani E mumuponde, atsegula mpata.

Mpata ukangopezeka dumphirani mkati mupite kumbali, osaima pakamwa pa makwerero. Mukapita kumbali adani ena amatembenukira kwa inu, akatero apereka misana kwa anthu anu amene akutsika, ndipo mzere wawo umasweka pomwepo. Kenako thamangirani ku nsanja za m'mbali mukamalize oponya mivi otsala, iwowa pafupi alibe mphamvu.

Anthu anu khumi kapena kuposerapo akaponda pakhoma, aimitseni kaye pamenepo ndi F1 F1. Mukawasiya pa charge amatsikira m'bwalo la mkati mmodzimmodzi nkukakumana ndi owonjezera a adani ali gulu. Itanani oponya mivi akwere aime pakhoma, tsopano ndi inu muli pamwamba iwo ali pansi. Akachepa, charge aliyense.

8. Ngati ndi nsanja

Nsanja imayenda pang'onopang'ono ndipo imafuna anthu oikankha, gemu imatenga ena mwa asilikali anu kuti agwire ntchitoyo. Nthawi yonse imene ikuyenda ndi nthawi yanu yosesa khoma monga pa sitepe 5. Apansi otsala ayende kuseli kwa nsanjayo, iwatchinge, osati m'mbali mwake. Ikafika dikirani thabwa ligwe, sonkhanitsani anthu pansi pake kaye kenako akwere onse pamodzi. Ubwino wake ndi woti njira ndi yotakata, anthu angapo amalowa nthawi imodzi, nde ikangofika pakhoma nkhondo imakhala yophweka kuposa ya makwerero.

9. Nkhondo ya mkati

Khoma likagwa nthawi zina otsala amathawira mkati. Pa linga mumakamenyana m'nyumba yaikulu, pa tawuni mumayamba mwadutsa m'misewu kenako m'nyumbamo. Kumeneku mumalowa ndi anthu ochepa kwambiri, ndipo magazi anu ndi omwe aja munatsala nawo pakhoma, kuwonjezerapo pang'ono ngati muli ndi First Aid. Ichi ndi chifukwa chinanso chosakhalira woyamba pa makwerero. Mukagonja mkatimu mumabwezedwa panja.

Mukangolowa auzeni anthu anu akutsatireni, pezani ngodya kapena pamwamba pa masitepe kuti adani azibwera kutsogolo kokha. Musathamangire munthu mmodzi kusiya anzanu, m'misewu ya tawuni mumakhala oponya mivi pamalo okwera amene amadikira zomwezo.

10. Mukalanda

Akaidi amene anali m'lingamo mutha kuwatenga akhale asilikali anu, ndipo nthawi zambiri mumapezeka anthu a levulo yapamwamba amene angatseke mipata ya omwe mwataya. Adani ogwidwa tengani okwana Prisoner Management yanu, poyinti iliyonse ndi akaidi 5, mukagulitse kwa ransom broker (wogula akaidi) mu tavern, kapena kwa Ramun ku Tihr amene amagula aliyense pa ma denar (ndalama za mu gemu) 50, zomwe zili bwino pa ma recruit koma mukaluza mukamugulitsa knight.

Ngati muli pansi pa mfumu, linga silikhala lanu mpaka iyo inene. Musathire ma Huscarl anu onse mmenemo musanamve yankho, ikapereka kwa lord wina asilikali aja apita nalo limodzi. Ikani apakatikati okwanira kuti adani asalione lopanda anthu, inuyo mukhale pafupi masiku angapo chifukwa amabwera kudzalifuna. Likakhala lanu, asilikali a mu garrison, olondera lingalo, amalandira theka la malipiro, nde oponya mivi amene simukuyenda nawo asungeni mmenemo.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kupita ndi apakavalo okhaokha chifukwa ndi amene amapambana kuchigwa. Knight mmodzi malipiro ake ndi okwera ndipo kumulera kumatenga nthawi, kumutaya pa makwerero opanda womuphimba ndi kuononga chuma.

Kutumiza ma recruit patsogolo kuti mivi ithere pa iwo. Tanena kale kuti mivi ya a pakhoma siitha, nde mwangopha anthu amene akanadzakhala ma sergeant, komanso molalo watsika.

Kutenga chida cha manja awiri popanda chishango. Nkhwangwa yaikulu imagwira ntchito mukafika pamwamba, koma muyenera kufika kaye. Ngati mukuifuna nyamulani zonse ziwiri, musinthe mutaponda pakhoma.

Kuiwala F3, batani la malamulo a kuponya. Ngati pa nkhondo ina munazolowera kuletsa anthu kuponya ndi hold your fire, onetsetsani kuti pano ali pa fire at will. Komanso ma Huscarl ali ndi zida zoponya, mukafuna azisunge mpaka afike pafupi ndi khoma aletseni iwo okha, gulu 1, nkuwamasula akayandikira.

Kukweza battle size mpaka 150 pa laputopu yosakwanitsa. Anthu akachuluka pabwalo oponya mivi pakhoma amachulukanso, gemu nkumadukaduka nthawi yomwe mukufuna kutchinga. Tsitsani kufika pomwe makina anu akuyenda mosalala.

Kukana thandizo la ma lord. Ngati ndinu marshal, kapena pali lord amene mumagwirizana naye, mupempheni akutsatireni, mukayamba siege iye ali pafupi asilikali ake amalowa nawo ndipo zotayika zimagawanika. Muyambe ndinu kuzinga, chifukwa amene wayambitsa siege ndi amene amakhala ndi mwayi wopempha linga kwa mfumu likagwa. Kungoti asilikali a lord winayo mwina sangamvere malamulo anu, atha kuthamangira ku makwerero okha, nde inu imitsani anu, muwaphimbe ndi mivi, mukwere iwo atatsegula kale njira.